Mtsikana wa Year 6 amene anasiya kudya: lipoti la nesi wa ana asukulu ku England

Ndine nesi wa ana asukulu kumpoto kwa England kuno, timayenda m'masukulu a pulayimale angapo, kuyeza ana, kukumana ndi makolo, komanso kuona ana amene aphunzitsi akuda nawo nkhawa. Nkhaniyi ndikulemba amayi ake a mwanayu atavomera, zina ndasintha kuti asadziwike, dzina lake ndi la sukulu sinditchula. Ndalemba mu Chichewa dala chifukwa aMalawi tachuluka kuno ndipo ambirife timakhalira ma shifiti, zimene ana akudya kapena kusadya masana sitiziona.

Mwanayu ndi mtsikana wa zaka 10, ali mu Year 6, kalasi yomaliza ya pulayimale kuno. Anabadwira ku Malawi, anabwera kuno ali ndi zaka 7 kutsatira amayi ake amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, bambo ake amagwira usiku ku warehouse, ndiye pali mlongo wake wamng'ono amene ali ku Reception, kalasi yoyambira pulayimale. M'kalasi ndi mwana wanzeru, waulemu, uja mukamuuza chinthu kamodzi amachita ndendende mpaka kupyola muyezo. Anamutumiza kwa ine mu March atachita chizungulire pa PE n'kukhala pansi, ndipo tsiku lomwelo mmodzi mwa ma dinner lady, oyang'anira ana pa nthawi ya chakudya, anauza aphunzitsi kuti wakhala akumuona akukhuthulira mpunga mu bini kenako n'kutseka lunchbox ngati wamaliza kudya.

Nditafunsafunsa ndinapeza kuti zinayamba mu September. Sukuluyi inakhazikitsa malamulo atsopano a chakudya chochokera kunyumba. Chakumwa ndi madzi okha, chokoleti ayi, ma crisps ayi, maswiti ayi, keke Lachisanu lokha. Mwana amene lunchbox yake yaoneka kuti ndi ya healthy amalandira sitika, kalasi imene yatolera masitika ambiri imatchulidwa pa assembly, ndipo ana angapo a Year 6 anasankhidwa kukhala ma monitor, kumayenda tebulo ndi tebulo ndi pepala kumachonga. Apa ndifotokoze kaye chifukwa makolo ambiri amaona ngati ndi lamulo la boma. Malamulo a boma, School Food Standards amene anayamba kugwira ntchito mu January 2015, amakhudza chakudya chimene sukuluyo ikuphika kapena kugulitsa, monga kuti zokazinga m'mafuta ambiri zisapyole kawiri pa sabata, masamba ndi zipatso tsiku lililonse, chokoleti ndi maswiti ayi. Za lunchbox yochokera kunyumba sukulu iliyonse imadzipangira yokha, n'chifukwa chake mumamva kwina akulanda zakudya kwina sakulanda.

Sabata yachiwiri malamulowa atayamba, amayi ake anamuikira mandasi awiri. Anakazinga Lamlungu atachoka ku tchalitchi, paja ndi tsiku lokhalo limene amakhala ndi mpata. Amene amayang'anira ana pa chakudya anati awa ndi ma doughnut, zokazinga, sizololedwa, anawachotsa n'kuwaika pambali kuti akatenge poweruka, m'bokosimo n'kuikamo kapepala kopita kwa makolo. Zonsezi pa tebulo pali ana ena asanu ndi awiri akuonerera, ndipo mnyamata wina ananena kuti n'chifukwa chake uli ndi ntchafu zazikulu. Kapepalako sikanafike kunyumba, anakang'amba, mandasi anataya panjira. Patapita masabata angapo aphunzitsi anaona kuti lunchbox yake yasinthiratu, apulo, nkhaka, karoti, ndiye anamuyamikira pamaso pa kalasi n'kumusankha kukhala monitor. Aphunzitsiwa ndi munthu wabwino ndithu, amamukonda mwanayu, pamene ndinkawafotokozera zimene ndapeza misozi inali m'maso.

Kenako kunabwera zoyeza. Ku England kuli pulogalamu ya National Child Measurement Programme, inayamba cha mu 2006, ana a Reception ndi a Year 6 amayezedwa msinkhu ndi kulemera, ndipo m'madera ambiri makolo amalandira kalata yonena kuti mwana ali mu gulu liti. Amaona BMI, muyezo woyerekeza kulemera ndi msinkhu. Mwana akafika pa centile ya 91, kutanthauza kuti pa tchati wapyola ana 91 mwa 100 a zaka zake, kalata imati overweight, akafika 98 imati very overweight. Iyeyu anali atangodutsa 91 pang'ono chabe. Kalatayi imalembedwa kwa makolo koma pakhomo paja amene amayamba kufika ndi mwanayu, ndipo ndi iye amene amatsegula makalata a sukulu n'kumawawerengera amayi ake akatopa, ndiye anaiwerenga ali yekha m'nyumba. Chimene kalata sidziwa n'choti mwanayu anali atayamba kale kusinkhuka, mabere atayamba kutuluka, ndipo pa nthawi imeneyi thupi la mtsikana limayenera kusunga mafuta m'chiuno ndi m'ntchafu, ndi mmene limakonzekerera kukula. Komanso kafukufuku wa kuno ku UK anaonetsa kuti BMI imakonda kukokomeza mafuta a m'thupi mwa ana akuda ochokera ku Africa, pomwe kwa ana ochokera ku South Asia imachepetsa. Sikelo ndi tepi zimathandiza boma kudziwa mmene ana a dera lonse alili, koma mwana mmodzi payekha amafunika munthu womuona ndi maso n'kuyang'ana mmene wakhala akukulira zaka zapitazo.

Amayi ake ataiona kalata ija anachita mantha, osati a matenda koma a anthu a social. Ambirife tikudziwa nkhani zimene zimayenda m'magulu athu a WhatsApp zoti kuno amalanda ana, ndiye iwo anaganiza kuti dzina lawo lalembedwa penapake, ndipo visa yawo ikudalira ntchito, sanafune vuto lililonse. Anayamba kumuchepetsera nsima, mtanda umodzi waung'ono, mlongo wake akuwonjezera iye ayi. Ndinawauza ndipo ndikubwereza pano, kalata imeneyi si mlandu, siipita kwa a social, ndipo kholo lili ndi ufulu wokana kuti mwana asayezedwe n'komwe, kalata yodziwitsa imabwera tsiku loyeza lisanafike.

Pa Khirisimasi anaimba video call kumudzi. Agogo ake atamuona anasangalala, eee mdzukulu wanga wanenepa bwanji, masaya awo, akukusamala bwino kumeneko. Agogo amayamikira ndi mtima wonse, anthu amene anaona njala ya 2002 komanso anaika m'manda abale amene anawonda ndi matenda m'zaka za m'ma 1990, kwa iwo mwana wathupi ndi nkhani yabwino. Mwanayu anaseka pa foni, kenako anakadzitsekera ku bafa. Amayi akukumbuka kuti tsiku limenelo nkhuku sanaikhudze, anati mutu ukumupweteka.

Tsiku limene ndinamuona anabwera atavala juzi ndi jekete m'chipinda choti munali heater, manja ozizira, milomo youma, akumwetulira kwambiri ngati wabwera kudzapepesa. Ndinamuyeza atafulatira sikelo kuti asaone nambala, ndipo anayesa kucheuka kawiri. Kuyerekeza ndi muyezo uja wa kumapeto kwa chaka anali atatsika pafupifupi makilo atatu pomwe msinkhu wawonjezeka, ndipo mwana wa zaka 10 sayenera kutsika, ngakhale kungoima malo amodzi miyezi ingapo timafunsa kale mafunso. Mtima umagunda pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene timayembekezera pa msinkhu wake, ndipo nditamuimiritsa kuchoka chogona BP inatsika, iye n'kugwira tebulo. Koma mutakumana naye panjira simungati akudwala, pa tchati anali pakatikati pa gulu limene amati healthy weight, ndipo apa m'pamene anthu ambiri ngakhale azachipatala amapusitsika, amadikira kuti aone mafupa. Chimene chimaononga mtima ndi liwiro limene thupi likutsikira komanso kuchepa kwa chakudya, osati maonekedwe.

Sindinamufunse kuti bwanji sukudya, funso limenelo limatseka pakamwa. Ndinati tandiuze mwana wanga, dzulo kuyambira podzuka unadya chani. Anati tiyi wopanda shuga ndi mkaka, masana apulo ndi nkhaka, madzulo masamba ndi kachidutswa ka nkhuku atachotsa khungu, nsima anakulunga mu tishu. Timalankhula Chingerezi, koma ataona dzina langa pa baji anafunsa kuti anti ndinu a ku Malawi, nditavomera anakhala chete kanthawi kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa kakope kakang'ono. Mkati anajambula mizere itatu ndi makrayoni, yofiira, ya orenji, yobiriwira. Mu January anaphunzira m'kalasi za ma label a pa mapaketi aja okhala ngati ma robot a pamsewu, ndipo homuweki inali yoti alembe zonse zimene adya kwa sabata n'kuwonkhetsa ma calorie. Anzake anamaliza homuweki n'kuiwala, iye anapitiriza. Ku mzere wofiira analembako nsima, mpunga, mandasi, mbatata, mafuta ophikira, chiponde, nyemba zokazingira, thobwa limene amayi amapanga pakakhala alendo. Ku wobiriwira kunali apulo, nkhaka, letesi, madzi. Mitundu ya pa paketi ija imanena za mafuta, shuga ndi mchere wa mu chinthu chogula, nsima ilibe paketi, koma mwana anadzaza yekha malo amene phunziro linasiya. Anandiyang'ana n'kunena mu Chichewa chake chosakanikirana kuti anti, zakudya za kwathu zonse ndi zofiira. Ndinamufunsa kuti nanga iwe ukadya chofiira umamva bwanji, anati ndimamva kuti ndine woipa, ndipo ndine monitor, sindingamauze ena ine ndikudya.

Zina zinatuluka pang'onopang'ono. Usiku amadumpha m'chipinda mpaka atawerenga mazana awiri, amazunguliza zala pa ntchafu kuona ngati zikukumana, anasiya kupita ku swimming ponena kuti ali ndi chimfine, pa tabuleti amaonera mavidiyo a atsikana oonetsa zimene amadya pa tsiku. Kusanza dala anati sanayambe, maganizo odzivulaza anati alibe, ndinafunsa mwachindunji chifukwa timayenera kufunsa, ndipo kufunsa sikumuika mwana maganizo amenewo m'mutu.

Amayi anabwera masana omwewo ali mu yunifolomu. Nditawalonjera mu Chichewa anapuma mpweya waukulu n'kukhala pansi. Anati asisi, ine ndimaona ngati ndi zabwino, mwana wayamba kukonda zipatso, kusukulu akumupatsa masitika, kalata inati achepe, ndiye ndalakwa pati. Ndinawauza kuti sitinabwere kudzapeza wolakwa, matenda amenewa sabwera chifukwa cha kholo, koma kholo ndi limene lili ndi mphamvu zomuchiritsa kuposa tonsefe. Pocheza zinadziwika kuti banjali silidyera limodzi kupatula Lamlungu, amayi akamalowa bambo akutuluka, ana amatenthetsa chakudya mu microwave. Amayi nawo anali pa gulu la WhatsApp la azimayi ochepetsa thupi, kumatumizirana zithunzi za sikelo Lolemba lililonse, tiyi wochepetsa mimba ali pa kauntala, ndipo amadandaula za mimba yawo pa galasi ana akumva. Sindikuwaweruza, ambirife timachita zomwezo osaganiza kuti pali makutu.

Tsiku lomwelo ndinaimbira GP, dokotala wa banjali, kuti amuone mwachangu, amuyeze magazi ndi ECG yoona kagundidwe ka mtima, ndipo tinatumiza referral ku timu ya ana ya matenda a kadyedwe ya m'dera lathu. NHS, zipatala za boma kuno, ili ndi muyezo woti mwana wa vuto lofulumira ayambe kuthandizidwa pasanathe sabata imodzi, ena pasanathe masabata anayi, m'madera ena mzere ndi wautali ndipo sizitheka, koma iyeyu chifukwa cha mtima uja anamuona msanga. Sanagonekedwe. A timuyo anati ndi atypical anorexia, kutanthauza kuti zonse za anorexia zilipo, mantha a kunenepa, kudzimana, kudziona molakwika, kupatula kuti kulemera sikunafike pansi kwambiri. Malangizo a 2017 a NICE, bungwe lolangiza zipatala za kuno, amati kwa ana chithandizo choyamba ndi cha banja lonse, ndiye ndi chimene anayamba. Makolo ndi amene amasankha chakudya n'kupakula, katatu pa tsiku kuphatikiza zotolatola katatu pakati, mwana sakambirana nawo za kuchuluka, ndipo wamkulu amakhala naye mpaka amalize n'kukhalabe naye kanthawi pambuyo pake. PE inaimitsidwa kaye. Sikelo ya ku bafa inachoka, tiyi uja anataya.

Masabata oyamba anali ovuta zedi. Mwana waulemu uja anaponya mbale ya nsima pansi, kutukwana amayi ake, kulira maola awiri pa mtanda umodzi. Bambo poyamba ankati ndi matama a ku Ulaya awa, kwathu ana akugona ndi njala, ndipo anafuna kumukalipira. Amene anawatembenuza ndi dokotala amene anawaonetsa pepala la ECG n'kuwafotokozera kuti mtima ndi mnofu, thupi likasowa chakudya limadyanso umenewo. Anakapempha kuntchito kuti asinthe shifiti, ndipo anapezeka kuti ndi iwo amene amatha kukhala naye pa tebulo modekha kuposa amayi, amangoti idya mwanangu ndili pompano, n'kumamusimbira za ku Lake Chilwa kumene anakulira mpaka mbale ithe. Kusukulu amadyera m'kachipinda ka phee ndi wothandizira aphunzitsi mmodzi ndi mnzake mmodzi amene anasankha yekha.

Mbali yanga yaikulu inali amayi ndi sukulu. Ndi amayi tinagwiritsa ntchito chinthu chimene amachidziwa kale kuchokera ku sikelo ya ana kumudzi, magulu 6 a zakudya aja, zokhutitsa, za nyemba, za nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Ine kaphunzitsidwe kameneka ndimakakonda kuposa ka mitundu itatu, chifukwa funso lake ndi loti kodi m'mbalemu mukusowa chani tiwonjezere, osati tichotse chani, ndipo mafuta ali pa mndandanda ngati gulu lofunika osati mdani. Timu ya chipatala itavomera, amayi ndi mwana anajambula magulu amenewa pa pepala lalikulu n'kumata pa fuliji, nsima ndi mbatata zili pamalo pake. Agogo nawo anaimbiridwa, amayi anawapempha kuti akamalankhula ndi mdzukulu azifunsa za sukulu ndi kwaya, za thupi asamatchule kaya kunenepa kaya kuwonda. Agogo sanamvetse bwino koma anavomera.

Ku sukulu tinakhala pansi ndi ahedi, aphunzitsi a kalasi ndi amene amaona za chitetezo cha ana. Ndinayamba ndi kuvomereza kuti cholinga chawo n'chomveka. Ku England mwana woposa mmodzi mwa asanu aliwonse a Year 6 ali mu gulu la onenepa kwambiri, m'madera osauka chiwerengero n'chokwera kuposa pamenepo, ndipo kuola kwa mano ndi chifukwa chachikulu chimene ana a zaka 5 mpaka 9 amagonekedwera m'chipatala. Ndaonapo ine mwana atabwera ndi paketi ya mabisiketi ndi chakumwa cha energy ngati chakudya cha masana. Lamulo la madzi okha ndimagwirizana nalo ndipo ndinawauza kuti alisunge. Vuto langa ndi loti lamulo limene likukhudza zimene makolo amagula ndi kuphika analisenzetsa ana, amene sagwira chikwama cha ndalama ndipo saphika. Mwana wa zaka 10 amamva zinthu mwachindunji, mukati chakudya ichi n'choipa iye amamva kuti amene wadya ndi woipa ndipo amene waphika ndi woipa. Ndinapempha kuti ma monitor athe, masitika athe, wamkulu aliyense asachotse chakudya m'bokosi la mwana, ngati pali nkhawa aimbire kholo mwana asakudziwa, homuweki yowerenga ma calorie ichotsedwe, ndipo akamalemba malamulo afunse makolo a zakudya zosiyanasiyana chifukwa pasukulupo pali ana a ku Nigeria, Zimbabwe, Pakistan, Poland, koma zitsanzo zonse za lunchbox yabwino pa chipupa zinali sangweji ya buledi wa bulauni.

Ahedi anafunsa funso loyenera, kodi mukunena kuti malamulo athu ndi amene adwalitsa mwanayu. Ndinati ayi, osati okha. Matendawa ali ndi mizu yambiri, chibadwa, mtima wofuna kuchita zonse mosalakwitsa, kusinkhuka msanga kuposa anzake, kusamuka dziko, kunyozedwa, foni. Ana ena onse m'kalasimo anamva phunziro lomwelo osadwala. Koma sukulu siidziwa kuti mwa ana 30 amene ali pa ngozi ndi uti, ndipo kwa uyu malamulowa anamupatsa mawu oti azidziweruza nawo, anamupatsa udindo, n'kumamuombera m'manja pamene akudwala. Nkhawa imeneyi si yanga ndekha. Mu January 2018 kampeni ya boma ya Change4Life youza makolo kuti azisankha zotolatola za ma calorie 100 inadzudzulidwa ndi bungwe la Beat limene limathandiza odwala matenda a kadyedwe, ndipo mu 2021 komiti ya nyumba ya malamulo ya Women and Equalities inapempha kuti pulogalamu yoyeza ana ija iunikidwenso chifukwa cha mmene imakhudzira maganizo a ana pa matupi awo.

Ma monitor ndi masitika anathetsa sabata yomweyo. Zochotsa chakudya anavomera kusiya, kupatula za mtedza chifukwa pali ana a allergy, ndipo pamenepo palibe mtsutso, chiponde chidyedwe kunyumba. Keke ya Lachisanu lokha anakana kusintha, ine ndimaona kuti imapangitsa keke kuoneka ngati mphotho yoopsa koma sindinalimbane nazo. Homuweki ija aphunzitsi anati aisintha chaka chamawa, ana aziphunzira kuphika ndi kulawa komanso kumene zakudya zimachokera. Titatuluka wothandizira aphunzitsi wina anandikokera pambali kundiuza za mnyamata wa Year 3 wa autism amene amadya zinthu zinayi zokha, chimodzi mwa izo ma crisps, ndipo kuyambira September amakhala ndi njala mpaka kuweruka. Ameneyonso tinamutsegulira fayilo.

Pamene ndikulemba teremu yomaliza ikutha. Mwanayu wabwerera pa mzere wake wa kakulidwe, mtima uli bwino, PE wayambiranso koma aphunzitsi akumuyang'anira kuti asapyole. Mpunga ndi nyemba akudya popanda nkhondo, nsima ya usiku ikadali yovuta masiku ena, mandasi wadyako kamodzi kunyumba koma kusukulu akukana kutenga, swimming sanabwerereko. Akumananso ndi timu ya chipatala mwezi ndi mwezi. Amayi anandiuza kuti mlongo wake wamng'ono uja anali atayamba kufunsa pa tebulo kuti ichi n'chofiira kapena chobiriwira, ndiye naye tikumutsatira ngakhale akudya bwino.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi September, akupita ku sekondale, sukulu yaikulu, kantini yodzisankhira wekha ndi khadi, palibe womuona ngati wadya, ndipo tchuthi cha masabata sikisi chili pakati pomwe makolo onse akugwira ntchito. Ndalembera nesi wa kusekondaleko ndi chilolezo cha makolo, tapangana kuti masabata oyamba azidya ndi wamkulu pafupi, asayezedwe pa sikelo kusukulu, ndipo aphunzitsi a sayansi ndi a zophika adziwitsidwe asanafike pa mutu wa ma calorie. Pa tchuthi azakhali ake a ku Leeds avomera kudzakhala nawo masabata atatu oyamba, otsalawo bambo atenga livi.